Habu ya Apongozi pa Lichero

Ana inu, tasunthirani uko. Iwe Madalo, chotsa dzanja pa lichero. Si maswiti amenewo, ndi timipira ta mu habu, chitsulo cha pakati pa tayala la njinga. Ukameza kamodzi, mwini njinga akabwera ndimuuza chiyani, kuti giya yake ili m'mimba mwa mdzukulu wanga? Khalani pansi apo.

Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ine ndimayala zitsulo pa lichero, pomwe anzanga onse pa Nkhunga pano amayala pa thumba. Lero ndikuuzani, poti habu ndatsegulayi ndi ya mtundu womwe uja. Masiku ano imabwera imodzi pa chaka, kaya.

Choyamba, ine si nkhalamba. Ndili ndi zaka fote naini. Mumanditcha agogo chifukwa mayi anu anafulumira, ndipo mayi anuwo anafulumira chifukwa ine ndinafulumira. Basi.

Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Osaseka, iwe Yamikani, uli mu 2, sunandipitirire. Nditasiya, ndinkakhala kwa malume anga, ndipo ntchito imene ndinkaidziwa inali kumata machubu. Kumata ndi kupopa. Nthawi imeneyo tinkadula chigamba pa chubu chakale, n'kukhula ndi mwala, osati zigamba zogula zodulidwa kale zimene mukuzionazi. Ndinkamata bwino, zimenezo ndiye sindingadzichepetse. Koma tsiku limene ankhoswe anapita kukandifunsira agogo anu aakazi, uko kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, anafunsidwa kuti mnyamatayu amagwira ntchito yanji. Malume anati, "Ndi makaniki wa njinga." Ine sindinaname. Ndinangokhala chete. Ngakhale ndikaganiza bwino, kukhala chete kwake kunali kwa makaniki ndithu.

Ndiye ndinapita chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi. Inu simukuzidziwa, bambo anu anangotenga mayi anu n'kukachita lendi. Mkamwini amakhala ngati mbuzi yobwereka, aliyense amaiyang'ana ngati ikunenepa. Ine bwato ndinalibe, ukonde ndinalibe, ndipo ndikakwera bwato ndimasanza, mpaka lero. Munthu wobadwira kunyanja. Chimene ndinali nacho ndi mawu aja okha, akuti makaniki. Ndipo pakhomo pomwepo, chaka chapitacho, mwamuna wa mkulu wawo wa agogo anu anali atabwezedwa kwawo, mphasa yake ili pamutu. Iye anati ndi kalipentala. Chitseko chimene anapanga ndinachipeza, chinali chotsamira khoma kuseri kwa nyumba, ankayanikapo chinangwa.

Apongozi anga aamuna, ndiye kuti agogo a mayi anu, anali msodzi wa mpasa, komanso ankawerenga mawu ku tchalitchi cha Angilikani. Anali ndi njinga yakuda, yaitali, ya magiya atatu. Magiya ake sanali panja ngati a njinga za masiku ano, zimene zimayenda matumbo ali pamtunda, mchenga n'kumadya. Anali obisika m'kati mwa habu ya tayala lakumbuyo. Panja pankangooneka katcheni kakang'ono kotuluka pa ekiselo, chitsulo chimene tayala limazungulirapo, kolumikiza ku waya wopita ku handulo. Mwini wake ankainyadira njingayo. Mlendo aliyense ankauzidwa kuti, "Njinga iyi chigulireni sinatsegulidwepo. Siifuna munthu."

Ndiye tsiku lina Lamulungu inafuna munthu. Akutuluka pa tchalitchi, anaponda pedulo pa giya yachiwiri, pedulo n'kungozungulira yokha osagwira kanthu. Anagwera pa chitsulo chapakati, amayi a kwaya akuona. Anatsika pang'onopang'ono. Anabwera kunyumba akuikankha, akuyenda motangadza pang'ono.

Lolemba kunabwera uthenga wa maliro ku Dwambazi, kwa abale awo. Anatenga agogo anu aakazi kuti akathandize kuphika, ngakhale anali ndi pakati pa mayi anu, miyezi isanu. Asananyamuke kukakwera matola anandiitana.

"Akamwini."

"Wawa, bambo."

"Paja anati ndinu amakaniki."

"Anatero, bambo."

"Ndibwera Lachinayi. Lamulungu ndikawerenga mawu kutsidya. Ndipita pa njingayi."

Basi, anapita. Pakhomo tinatsala anthu awiri, ine ndi apongozi anga aakazi, aNabanda. Iwo anatsala chifukwa mpunga unali utangomwetedwa, unali pa dzuwa.

Apa mumvetsere, chifukwa inu mumaona bambo anu akuseka ndi agogo anu aakazi, mpaka kubwerekana foni. Nthawi yathu mkamwini ndi apongozi aakazi sankalankhulana. Sankayang'anana n'komwe. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire, kaya kuli chitedze. Ine ndinali nditakhala pakhomopo miyezi isanu ndi itatu, koma aNabanda ndinkawadziwa zidendene zokha. Chakudya ankaika pakhonde n'kutsokomola. Ine ndikadya ndinkabweza mbale n'kutsokomola. Tinkamvana bwino ndithu.

Ndiye ndinatembenuza njinga, n'kuchotsa tayala. Ndinayang'ana habu ija, nayo inandiyang'ana. Ndinaganiza kuti vuto likakhala la giya, ndiye kuti lili kumene kuli magiya, m'kati. Kuganiza kwake sikunali koipa. Koma kwathu kuja ndi mchenga wokhawokha, ukagwetsa nati wataya, uyiwale. Ndinayang'ana choyalapo, ndinaona lichero lili pa khoma la khitchini. Ndinalitenga. Kupempha ndikanapempha kwa ndani?

Ndinagogoda ndi msomali ndi mwala mpaka chimphete chachikulu chinamasuka, ndipo zam'kati zonse zinatuluka pamodzi ngati ukutumbula kampango. Chimene ndinadabwa, munali moyera. Mafuta ake oyera, onunkhira ngati a makina osokera. Ndinati, azungu aja ndi anthu ena, zaka zonsezi mafuta osada. Mukumbukire zimenezi.

Ndinayamba kuchotsa chimodzichimodzi. Nzeru ndinali nazo pang'ono: chilichonse ndikachotsa ndinkachiika m'mbali mwa lichero motsatana, kuzungulira, kuti pobweza ndidzangoyenda chobwerera. Munali timagudumu ta mano tinayi, ndi timisomali take. Munali kamtanda kachitsulo, ndinati ee, njinga ya Angilikani ndithu. Munali kakiyi kakang'ono kolowa m'kabowo ka ekiselo, timphete, sipulingi yaitali ndi kachisoti kake, ndi tizitsulo tonga zikhadabo, tija timalira kuti tiki tiki njinga ikamayenda, chilichonse ndi kasipulingi kake koonda ngati tsitsi. Lichero linadzaza bwinobwino. Vuto sindinalione, koma ndinati mwina ndikatsuka lioneka. Ndinapita ku okala kukagula palafini.

Pobwera ndinapeza lichero palibe. Pamalo pake panali mbale yachitsulo, zitsulo zonse zili m'menemo mulu umodzi, ngati usipa. Kuseri kwa mpanda wa bango kunkamveka kuti pha, pha, pha. Apongozi akupeta mpunga.

Ndinakhala pansi. Sindinalire, ndinangokhala. Mphepo ya mwera inali itayamba, koma ine thukuta.

Lachiwiri lonse ndinabweza. Ulendo woyamba zinatsala zitsulo zitatu. Ndinamasula, ndinabwezanso mosamala kwambiri, zinatsala zisanu. Masiku ano mnyamata amangotsegula foni, mzungu n'kumuonetsa ndi manja ake. Ife foni yathu inali kukanda mutu. Ulendo wachitatu zonse zinalowa, chifukwa zina ndinazikakamiza, ndipo ndinapaka girizi wambiri kuti zigwirane. Nditazungulitsa tayala, linazungulira mwakachetechete, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi. Poyamba njingayo inali ndi magiya awiri abwino ndi imodzi yodwala. Tsopano inalibe giya iliyonse. Komanso kasipulingi kamodzi ka tsitsi kaja sindinkakaona.

Lachitatu m'mawa ndinayang'ana mphasa yanga. Ndinaiyeza ndi maso, kuti kodi pamutu idzakhala bwanji kuchokera ku Bua mpaka kwa malume. Ndinaganiza za mwana ali m'mimba uja, kuti adzakula akumva kuti bambo ake anali makaniki, ndipo njinga idzakhala itatsamira khoma pafupi ndi chitseko chija. Mayi anu amenewo. Ndiye musamaseke kwambiri.

Masana ndinamasulanso zonse, n'kukhala nazo pansi pa mango, mbale ili pamiyendo. Ndinamva munthu akukhala pansi kuseri kwa mpanda, pafupi kwambiri, msana atalozetsa kwa ine. Kenako ndinamva akuwaza madeya. Panali bakha wamkulu pakhomopo, wamphongo, wa nkhope yofiira, wosasamba. Anabwera n'kuyamba kudya pampata wa mpanda, pakati pa ife awiri.

Ndiye ndinamva mawu a apongozi anga. Aka kanali koyamba kuwamva pafupi.

"Bakha iwe. Ukudya ngati wagwira ntchito."

Bakha anapitiriza kudya.

"Bakha iwe, ndikufunse. Munthu akapaka girizi pa tizikhadabo, timadzuka bwanji? Si timangogona? Muja mumafuna mafuta opepuka, a makina. Koma iwe ungadziwe chiyani, ndiwe bakha."

Ine ndinayang'ana bakha. Ndinayang'ana zala zanga, girizi yekhayekha. Ndinatenga palafini n'kuyamba kutsuka. Kenako ndinatsokomola, n'kunena kuti, "A Bakha." Ndinamupatsa ulemu, poti ankayimira akuluakulu. "A Bakha, girizi wachoka. Koma kasipulingi kamodzi kasowa."

"Bakha iwe, uli ndi mwayi. Mpunga wa dzana ukanaudya osapeta, bwenzi pano ukulira tiki tiki."

Ndinaona mthiko ukutuluka pansi pa mpanda, ukukankha bokosi la machesi. Nditatsegula, kasipulingi kaja kali momwemo, atakakulunga m'kansalu.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. Iwo ankauza bakha, ine ndinkayankha bakha.

"Bakha iwe, ekiselo imayima chilili, mbali ya kabowo kumwamba. Uiike m'bowo la mtondo wakale uja kuti isagwe. Ulowetse kanyumba ka timagudumu. Timisomali take, mbali yoonda kumwamba."

"A Bakha, tiwiri ndinaika chozondoka."

"Bakha akudziwa. Anamva dzulo munthu akumenya ndi mwala."

Anapitiriza. Kapaipi kakafupi kayambe, mlomo wake pansi. Kamtanda kakhale pamwamba pake, mbali yokumbika ivundikire mlomowo. Ndiye kakiyi kalowe m'kabowo ka ekiselo, mbali zake zosalala ziyang'ane kumwamba. Apa ndi pamene ndinkalephera masiku onse, chifukwa kakiyiko kankangogwa. Iwo anati, "Bakha wanzeru amayamba walowetsa kandodo ka katcheni kaja m'kati mwa ekiselo, n'kupotokola mpaka kagwire kakiyi. Kakagwidwa sikathawa." Ndinachita. Ndinakoka katcheni, kamtanda kanakwera. Ndinasiya, ndinakankha, kanatsika. Ana inu, ndinaona ndi maso anga mmene giya imasinthira. Chinthu chonse chija, ulemu wonse wa apongozi aamuna pa tchalitchi, ndi kamtanda kongokwera ndi kutsika.

Ndinavundikira kakiyi ndi kamphete kake. Ndinaika tizikhadabo, ndipo pa timasipulingi ta tsitsi anauza bakha kuti asapume pafupi. Ndinabweza chimphete cha timipira, ndi chitsulo chonyamula sipuloketi, kagudumu ka mano kamene tcheni imakwerapo. M'mbale munatsala sipulingi yaitali, kachisoti kake, ndi koni, nati yosongoka yotsekera habu.

Pamenepo madeya anatha. Bakha anayang'ana uku ndi uku, n'kunyamuka ulendo wa kudambo.

Tinangoti zii. Iwo kuseri, ine kuno. Panalibe wolankhula naye. Nkhuku zinali kutali, ndipo mwina sizikanakhala bwino kusintha pakati pa nkhani. Ndinadikira. Iwo anadikira. Ndinamva akudzuka kukafuna madeya ena. Ine ndi kufulumira kwanga kuja ndinati, zitsulo zitatu zokha, makaniki angalephere? Ndinaika kachisoti, ndinaika sipulingi, ndinamanga koni. Pamene bakha ankabwera, atamukusa ndi kamtengo, ine ndinali nditatseka kale.

"A Bakha, ndatseka."

Ndinamva apongozi akuwazanso madeya. Kenako anati, "Bakha iwe, koni ya mbali ya tcheni amamanga ndi zala mpaka ifike, n'kubweza theka." Ndinabweza theka. Ndinabwezera tayala pa njinga, ndinalumikiza katcheni ku waya. Ndinazungulitsa. Tiki tiki tiki tiki. Sindinamvepo nyimbo yokoma choncho, ngakhale ya amayi a kwaya aja.

"Tsopano bakha aike pa giya yachiwiri, asuzumire pa kabowo ka nati. Mapeto a kandodo alingane ndi mapeto a ekiselo. Akapanda kulingana, apotokole kolumikizira waya kaja ndi zala ziwiri."

Ndinapotokola kawiri. Zinalingana.

"Eya. Vuto lonse linali limenelo, bakha iwe. Waya anangokhwepa. Linali panja. Anthu ena akamva mutu amang'amba mimba."

Ine ndinati, "A Bakha, zikomo."

"Bakha sanaone kanthu, ndipo sanamve kanthu. Njinga ija sinatsegulidwepo chigulireni."

Ndinamva zidendene zikupita.

Lachinayi apongozi aamuna anafika, fumbi lili m'mutu. Asanamwe ndi madzi omwe anakwera njinga. Anapita mpaka pa mjigo, n'kubwera. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Anaimirira pa pedulo dala, pa yachiwiri pomwepo, nkhope atakwinya ngati munthu amene akukumbukira. Inagwira. Anatsika.

"Munatsegula?"

"Pang'ono, bambo."

"Munapezamo chiyani?"

"Munali moyera, bambo."

"Si ndinanena? Siifuna munthu." Ndiye anatembenukira kukhitchini n'kukweza mawu. "Mayi! Mkamwini uyu ndi makaniki."

Kukhitchini kunachokera mawu amodzi okha. "Ndamva."

Mphasa yanga inakhala pansi. Mayi anu anabadwa mvula itayamba, ndipo kuchipatala agogo anu ndinawanyamula pa njinga yomweyo, giya yoyamba njira yonse chifukwa cha matope. Mbiri inafala kuti kwa aNabanda kuli mkamwini wotsegula habu za magiya. Aphunzitsi, akatekisiti, wina wochokera ku Dwangwa, onse ankabwera nazo. Ntchito imene mukudyera inuyi inayamba choncho. Bakha uja anadyedwa pa Khirisimasi. Ine ndinadya chigwada, masamba a chinangwa. Anthu anafunsa, ndinati m'mimba.

Zinapita zaka zisanu ndi ziwiri tikutsokomolerana. Ana atakwana atatu, akuluakulu anati zamanyazi zithe tsopano, mkamwiniyu wakhazikika. Anatikhazika pa mphasa imodzi, anthu ali pomwepo, ine n'kupereka nsalu, iwo n'kundipatsa nkhuku, kuti kuyambira tsikulo tizilankhulana. Ndinakweza maso. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Anali ndi kachipsera apa pachibwano, sindinkadziwa. Ndinali nditakonza mawu ambiri othokoza. Iwo anadikira mpaka amuna awo atapita kukaona alendo, n'kundiyang'ana m'maso. Mawu awo oyamba kwa ine, ine ndemwe osati bakha, anali awa:

"Kachisoti kaja kamakhala pamwamba pa sipulingi. Inu munakaika pansi."

Ndinati, "Mayi, mwadziwa bwanji?"

"Ndinatsegula eni ake atapita kunyanja. Ndimatsegula chaka chilichonse mvula ikatha."

Ndiye anandiuza. Kalekale, agogo anu ali wakhanda, bwato linagubuduka powoloka Bua, njinga inagona m'madzi tsiku lathunthu, mwini wake n'kugona ndi malungo masabata awiri. Iwo anaona kuti ichita dzimbiri, anaitsegula okha, pa lichero lomwelo, n'kuiphunzira pang'onopang'ono ngati kusankha miyala mu mpunga. Mwini wake atadzuka anapeza ikuyenda, anathokoza azungu. Iwo anangomusiya. Anati mwamuna akakhala ndi chinthu chimodzi chonyadira, umusiyire.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji tsiku lija anasakaniza zitsulo zanga m'mbale. Anati, "Lichero ndinkalifuna. Ndipo anati ndinu makaniki."

Ndinafunsanso kuti nanga kachisotiko, atakapeza kali pansi, bwanji sanakakonze, zaka zonsezi.

"Ntchito ya mkamwini sakonza kumbali, n'chipongwe. Ndimakabwezera pomwe munakaika. Ndimadikira ndikuuzeni."

Mawa lake ndinatsegula. Kanali pansi ndithu.

Apongozi aamuna anamwalira akudziwa kuti njinga yawo inatsegulidwa kamodzi kokha, pang'ono. ANabanda anawatsatira patapita zaka zinayi. Pogawa katundu, ena anatenga makina osokera, ena mapoto. Ine ndinapempha lichero. Anthu anandiyang'ana, mwamuna mzima. Si ili, lija linatha, ili ndi lachitatu. Koma thumba sindiyalapo.

Tsopano bwerani pafupi muone, osapuma kwambiri. Kamtanda kakwera, katsika. Mwaona? Ndiye sipulingi. Ndiye kachisoti, pamwamba. Pamwamba, Yamikani, udzauze ana ako.

Dikirani. Timipira tinali twente folo, apa ndikuona twente fili.

Madalo. Tsegula pakamwa.